Firiji ikafunda, musathamangire kunena kuti gasi watha

Mu Januwale, mvula ili pakati, azakhali anga anandiimbira foni m'mamawa mawu ali njenjenje. Firiji yawo, ija mwana wawo anawatumizira pa lole kuchokera ku Joni, inali itasiya kuziziritsa. Mkaka unasasa, ndiwo zadzulo zinayamba kafungo. Chodabwitsa n'chakuti m'drowa ya pansi, momwe amaumitsira mafirizesi ogulitsa, munali mukuzizirabe ndithu. Mmisiri wina amene anamuitana anangogwira kumbuyo kwa firijiyo n'kunena kuti, "Mayi, apa gasi watha." Ndalama imene anatchula inali phindu la mafirizesi la mwezi wathunthu.

"Iwe paja umaphunzitsa za sayansi," anatero azakhali. "Tabwera udzaione ndisanalipire."

Ine sindine mmisiri wa mafiriji, ndipo mukamaliza kuwerenga phunziroli nanunso simukhala amisiri. Koma physics yomwe timalimbana nayo m'kalasi inandikwanira kudziwa kuti mmisiri uja sanalondole, ndisanagwire n'komwe sipanala. Tiyeni tiyende limodzi muone.

Firiji ya azakhali ndi ya mtundu umene m'masitolo amautcha French door. Pamwamba ili ndi zitseko ziwiri zokumana pakati, ndipo firiza ili pansi, yokoka ngati drowa. Dzinalo analitenga ku zitseko za nyumba zija zimakhala ziwiri n'kumatsegukira pakati. Makampani monga Samsung, LG, Hisense ndi Whirlpool amapanga mafiriji otere. Kumwamba kumayenera kukhala pa 3°C kapena 4°C, m'firiza pa -18°C.

Firiji sipanga kuzizira

Gwirani mfundo iyi, chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pa iyo. Kuzizira si chinthu choti makina angapange n'kuthira m'bokosi. Chimene chilipo ndi kutentha, ndipo pachokha kumayenda kuchoka pamalo otentha kupita pamalo ozizira. Firiji imakukakamiza kuyenda chobwerera: imakutola mkati n'kukakutaya panja. Kuti zimenezi zitheke pamafunika ntchito, n'chifukwa chake firiji imadya magetsi.

Munapitako kuchipatala n'kupakidwa sipiliti pamkono asanakubayeni jakisoni? Pamalopo pamazizira. Sipilitiyo akamasanduka nthunzi amafuna mphamvu, ndipo amaitenga pakhungu lanu. Mtsuko wa agogo umagwira ntchito chimodzimodzi: madzi amatulukira pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, akamauma kunja amatenga kutentha kwa madzi a mkati. Pamayeso mphamvu imeneyi muzidzailemba kuti latent heat of vaporisation.

M'mapayipi a firiji mumayenda mankhwala amene amawira pozizira kwambiri. Mafiriji ambiri atsopano amagwiritsa ntchito R600a, imene dzina lake lina ndi isobutane, ndipo pa pressure ya mpweya wamba imawira pafupifupi pa -12°C. Ena ali ndi R134a, yowira pafupifupi pa -26°C. Akale anali ndi R12, mmodzi mwa mankhwala aja amawononga ozone, amene mayiko anagwirizana kusiya kupanga pa mgwirizano wa Montreal wa 1987. Zonsezi ndi zimene anthu amangoti gasi.

Ulendo wake ndi wozungulira. Mkati mwa firiji, kuseri kwa khoma la pulasitiki, muli mapayipi opindapinda otchedwa evaporator. M'menemo pressure imakhala yotsika, ndiye gasi wamadzimadzi amawira n'kumwa kutentha kwa mpweya wa mkati. Kompuresa, kamgolo kakuda kaja kamalira kumbuyo, imakoka nthunziyo n'kuipanikiza. Amene munapopapo njinga mukudziwa kuti pampu imatentha. Nthunzi yotenthayo imalowa m'mapayipi ena akunja otchedwa condenser, komwe imataya kutentha kwake mumpweya wa m'nyumba n'kusandukanso madzi. Kenako imadutsa m'kapayipi kopyapyala kwambiri, pressure n'kutsika, n'kubwereranso ku evaporator.

Taonani kuti njira yonseyi ndi yotsekedwa. Gasi wa m'firiji sapsa ngati wa m'silinda yophikira, komanso satha ngati petulo. Amangozungulira, zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti payipi yabooka penapake. Tsono mmisiri akathira gasi wina osapeza pobooka, mwangogula miyezi yochepa, adzabweranso ndipo mudzalipiranso.

Pamwamba pafunda, pansi pakuzizira

Funso langa loyamba kwa azakhali linali lakuti, "Mafirizesi akuuma?" Anati akuuma, ngakhale mochedwerapo. Ngati firiza ikufikabe pansi pa 0°C, ndiye kuti kompuresa ikugwira ntchito ndipo gasi akuwira mu evaporator. Vuto lili pa njira imene mpweya wozizira umayenda kukafika kumwamba.

Apa ndi pamene firiji ya mtunduwu imasiyana ndi zija zakale zokhala ndi firiza pamwamba. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, umakonda kutsika. M'firiji yakale zinali zosavuta: kabokosi kozizira kali pamwamba, mpweya wozizira umatsika wokha, wofunda n'kukwera, convection n'kumachitika popanda wokankha. Koma firiza ikakhala pansi, mpweya wozizira sungakwere wokha. Pamafunika fani yoti iukankhire m'mwamba kudzera m'ngalande ya kukhoma, ndipo pakamwa pa ngalandeyo pamakhala kachitseko kamene kamatseguka kumwamba kukafunda n'kutsekeka kukazizira. Mafiriji ena a French door ali ndi evaporator yachiwiri kumwamba, koma nayonso imadalira fani yake. Fani ikaima, kachitseko kakakanirira, kapena njira ikatsekeka, kumwamba kumafunda pomwe pansi pali bwinobwino.

Chinthu choyamba kuona n'chosafuna chida chilichonse. Kodi timazenera totulukira mpweya tatsekedwa ndi mapoto kapena mapepala a ndiwo? Firiji yodzaza mpaka kukhoma siyendetsa mpweya. Chachiwiri, mverani fani. Mafiriji ambiri amaimitsa fani chitseko chikatseguka, ndiye ikani khutu pachitseko chili chotseka. Ya azakhali inkamveka kuti kwe-kwe-kwe, ngati kapepala kogunda masipoko a njinga, ndipo ndikatsegula phokosolo linkaleka. Fani inali kukhula ayezi.

Ayezi ameneyu amachokera kuti, poti palibe amene anathira madzi kuseri kwa khoma? Amachokera mumpweya. Nthawi iliyonse mukatsegula chitseko, mpweya wa m'nyumba umalowa ndi chinyezi chake, ndipo mu Januwale chinyezi chimakhala chochuluka. Chikakhudza evaporator chimaundana pomwepo. Poyamba kamakhala kachisanu kopyapyala, kenako kamakula mpaka kutseka mipata ya pakati pa tizitsulo ta evaporator. Mpweya sudutsanso, komanso chisanu chofutukukachi chimasunga mpweya mkati mwake, ndiye chimakhala ngati bulangeti lofunditsa mapayipi. Zikumveka zachilendo, koma ayezi wochuluka amafunditsa firiji.

Opanga amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake pansi pa evaporator amaikapo hita. Inde, m'firiji yanu muli hita! Pakapita maola angapo kompuresa imaima, hita n'kuyaka kwa mphindi zingapo kuti isungunule chisanu, ndipo sensa imaizimitsa kukafunda mokwanira. Mukamva kuti tsss kapena thethethe m'firiji usiku, musaope, ndi madontho akugwera pahita. Tiyeni tiwerengere. Kusungunula 1 kg ya ayezi kumafuna 334,000 J. Tiyerekeze kuti hita ndi ya 300 W. Gawani 334,000 ndi 300, mupeza masekondi pafupifupi 1,113, zomwe ndi mphindi ngati 19, ndipo apo tayerekeza kuti mphamvu yonse yapita ku ayezi, zimene sizichitika. Ndiye ayezi akamabwera wochuluka kuposa amene hita ingathe kusungunula pa nthawi yake, amatsalako pang'ono ulendo uliwonse mpaka njira kutsekeka.

Pali kayesedwe kamene aliyense angathe. Tulutsani zakudya, zulani pulagi, tsegulani zitseko zonse, yalani matawulo pansi, n'kuisiya maola 24. Mukayatsanso, ikayamba kuziziritsa bwino pamwamba, mwadziwa kuti vuto linali ayezi. Tsopano dikirani. Ikadzafundanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti mwina hita, sensa kapena bolodi yolamulira yafa, mwinanso mpweya wakunja ukulowa penapake osalekeza. Apo mukhoza kuitana mmisiri muli ndi chomuuza.

Chonde, musagobe ayezi ndi mpeni. Mapayipi a evaporator ndi a aluminium wopyapyala, mpeni umaboola msanga, ndipo R600a imayaka moto. Mafiriji ena amene gasi wake anathadi, anathetsedwa ndi mpeni wa m'khitchini.

Zitseko ziwiri, mipata yambiri

Kwa azakhali wolakwa tinamupeza titasungunula ayezi. Kathumba ka firizesi kanali katagwera kuseri kwa drowa n'kukanirira panjanji yake, moti drowayo sinkatsekeka mpaka kumapeto. Mpata wake unali wochepa, chala sichikanalowa, koma mpweya wonyowa unkadutsa usana ndi usiku.

M'mphepete mwa chitseko chilichonse muli labala wofewa wokhala ndi maginito mkati, amene amamatirira kuchitsulo cha firiji. Firiji ya French door ili ndi zotsegula zitatu kapena zinayi, ndiye labala wake ndi wautali ndipo malo olakwika ndi ambiri. Muyeseni chonchi: panitsani kapepala pachitseko, tsekani, kokani. Kakatuluka mosavuta, pamenepo pakudutsa mpweya. Chitani zimenezi kuzungulira chitseko chonse. Nthawi zambiri labalayo sakhala atang'ambika, amangokhala ndi shuga wouma kapena nyenyeswa, ndipo madzi ofunda a sopo amathetsa nkhani. Onaninso kuti firiji yakhala bwino pansi. Kutsogolo kuzikwererako pang'ono kusiyana ndi kumbuyo kuti zitseko zizibwerera zokha, ndipo miyendo yake yakutsogolo imapotoleka kuti muikweze kapena kuitsitsa.

Pakati pa zitseko ziwirizo palibe chipilala. Ndiye mpata wa pakatipo umatsekedwa ndi chiyani? Tsegulani chitseko cha kumanzere muone: m'mphepete mwake muli kathabwa kapulasitiki kotalika kamene kamapindika chitseko chikatseguka, n'kutambasuka chikatsekeka. Wina akakatambasula ndi dzanja chitseko chili chotsegula n'kutseka mwamphamvu, kamagunda m'malo molowa m'njira yake, chitseko n'kukhala pang'a. Ana ang'ono amakonda kukaseweretsa.

Kathabwa kameneka mukakagwira kamamveka kofunda, ndipo anthu ena amaganiza kuti waya wapsa. Ayi, nako kali ndi kahita kake. Chifukwa chake ndi chija mumaona pa botolo la Fanta lochoka m'firiji: limatuluka thukuta. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri kuposa wozizira, ndiye ukakhudza chinthu chozizira kufika pa mlingo umene timautcha dew point, nthunzi ina imasanduka madontho, monga mame a m'mawa paudzu. Kathabwa kaja mbali ina kali mkati mozizira, mbali ina kakukhudza mpweya wa m'khitchini, ndiye popanda hita kakanamangokhala konyowa. Mafiriji ena ali ndi batani lolembedwa Energy Saver limene limazimitsa kahita kameneka. Mukaona madontho pakati pa zitseko nyengo ya mvula, yambani mwaona ngati batanilo lili loyatsa.

Pali china chimene ophunzira anga amakonda kundifunsa. Mwatseka drowa ya firiza, mwakumbukira kuti mwaiwala chinthu, mukuti mutsegulenso, yakana ngati wina akukoka mkati. Pakatha mphindi imodzi yatseguka mosavuta. Kumbukirani pressure law: volume ikakhala yosasintha, pressure imayendera limodzi ndi temperature ya mu kelvin. Mpweya wa 25°C ndi 298 K, wa -18°C ndi 255 K. Mpweya wonse wa mkati ukanakhala wolowa kumene, ndipo pasakhale podutsa paliponse, pressure ikanatsika ndi magawo 14 pa 100 alionse. Kunena zoona sizifika pamenepo. Koma tingoti yatsika ndi 1,000 Pa basi, pafupifupi gawo limodzi pa 100 la pressure ya mpweya wakunja. Chitseko cha 0.7 m ndi 0.6 m chili ndi area ya 0.42 m². Force ndi pressure kuchulukitsa ndi area, ndiye tapeza 420 N, ngati kulemera kwa makilogalamu 42, thumba la chimanga longotapako pang'ono. Limeneli si vuto ayi. Firiji ikamatero ndiye kuti labala wake ali bwino.

Madzi pansi pa drowa

Madzi amene hita yasungunula amayenera kupita kwina. Pansi pa evaporator pali kabowo ndi kapayipi kotsikira m'kabeseni kamene kali pafupi ndi kompuresa, komwe kutentha kumawaumitsa. Kabowoka kakatsekeka ndi nyenyeswa kapena kakaundana, madzi amasefukira. Mumawapeza pansi pa madrowa a ndiwo zamasamba, kapena ataundana ngati galasi pansi pa firiza, kapena akuyenderera pasimenti. Mukazula pulagi n'kuthira madzi ofunda pang'onopang'ono pakabowoko mpaka mutawamva akugwera m'kabeseni, zatha.

Mafiriji ena a mtunduwu amapanga okha timiyala ta ayezi. Ambiri mwa iwo kabokosi kopangira ayezi kali kumwamba, kutanthauza kuti malo oyenera kukhala pansi pa 0°C ali mkati mwa chipinda cha 4°C chimene chimatsegulidwa kawirikawiri. Mwaona kale chimene chimachitika mpweya wonyowa ukakumana ndi chitsulo chozizira, ndiye musadabwe kuti kabokosi kameneka ndi kamene kamavutitsa eni ake. Kakasiya kupanga ayezi, onani ngati kaundana, ngati sefa ya madzi yatsekeka, komanso ngati madzi a pampopi ali ndi mphamvu, chifukwa kavalavu kake sikagwira bwino madzi akamangodontha. Azakhali sanakalumikize n'komwe kumpopi, ndipo ine ndinawauza kuti sanataye kanthu.

Kumbuyo, kumene anthu sayang'anako

Kutentha konse kotoledwa mkati kumayenera kutayidwa ku condenser. M'mafiriji amenewa condenser imakhala pansi chakumbuyo, pamodzi ndi fani yake. Ikakutidwa ndi fumbi ndi akangaude, kapena firiji ikakanikizidwa kukhoma, kutentha kumasowa kolowera, kompuresa n'kumalira osapuma, mayunitsi a magetsi n'kumatha ngati madzi. Mu Okutobala zimanyanya, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, chifukwa kutentha kumachoka msanga pokhapokha condenser ikakhala yotentha kwambiri kuposa mpweya woizungulira. Zulani pulagi, sesani ndi kaburashi kawiri pachaka, siyani mpata kumbuyo, ndipo firiji isakhale pafupi ndi mbaula kapena pawindo lowomba dzuwa. Muli konko yang'ananinso ngati makoswe sanadye mawaya. Mphemvu nazo zimakonda pofunda pa bolodi yamagetsi.

Katundu amene mumaika mkati nayenso ndi kutentha. Azakhali amaika malita 10 a mafirizesi nthawi imodzi. Titenge ngati ndi madzi enieni a 25°C. Kuwatsitsa kufika pa 0°C ndi 10 × 4,200 × 25, zomwe ndi 1,050,000 J. Kuwaumitsa ndi 10 × 334,000, zomwe ndi 3,340,000 J. Mwaona? Kuumitsa kokha kukuposa katatu kuziziritsa kuja, ngakhale thermometer siyenda n'komwe nthawi imeneyo. Akaika akadali otentha ndiye ntchito imawonjezekanso.

Nkhani ya magetsi

Magetsi akazima n'kuyaka pompopompo, kompuresa imapeza mbali ya condenser idakali ndi pressure yaikulu, ndipo mota imalephera kunyamuka. Imakoka current yochuluka, kachida koiteteza n'kuidula. Mumamva kuti mmmm, kenako tcha! Zikamabwerezabwereza, kachida koyambitsira mota kapena mota yeniyeniyo imapsa. Dikirani mphindi 5 musanalumikizenso, kapena gulani kachipangizo kaja amati fridge guard, kamene kamachedwetsa magetsi kulowa ndipo kamadula voltage ikakwera kapena kutsika mopitirira. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, musamatsegule. Kumwamba kumasunga zakudya maola ngati 4, firiza yodzaza mpaka maola 48, yodzaza theka maola 24.

Kuno magetsi athu ndi a 230 V pa 50 Hz, chimodzimodzi ku South Africa ndi ku Britain. Ku America ndi 120 V pa 60 Hz. M'bale akakutumizirani firiji kuchokera kumeneko, werengani kachikwangwani kake musanaike pasoketi.

Nanga firiji ikamayaka magetsi mkati, manambala akuoneka, koma osazizira paliponse ndipo kompuresa ili zii? Mwina ili pa demo mode, imene amaikapo m'sitolo kuti firiji izioneka yamoyo osadya magetsi. Pa ena a Samsung ndi LG pamalembeka OF OF kapena OFF. Mwana akhoza kuiyatsa podinadina mabatani, ndipo buku la firijiyo limanena mabatani oyenera kudina kuti muichotse.

Gasi akathadi zizindikiro zake ndi zina. Kompuresa imalira osaleka, mapayipi a condenser safunda, pamwamba ndi pansi pomwe pamafunda, chisanu chimangogwira pachiyambi pokha pa evaporator, ndipo nthawi zina pamene payipi yabooka pamaoneka mafuta. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa zida zake, ndipo mumufunse kuti akusonyezeni pamene pabooka asanathire kalikonse.

Kwa azakhali tinachotsa kathumba kaja, kutsuka labala, kusesa kumbuyo ndi kuisuntha firiji kuchoka kukhoma. Mafirizesi anakagona kwa aneba usiku umodzi. Tsiku lotsatira madzulo thermometer imene ndinabwereka ku labu inali pa 4°C, ndipo mpaka lero sinafundenso. Malipiro anga anali mafirizesi 5 a malambe.

Sabata ino, amene kwanu kuli firiji, ya mtundu uliwonse, pezani kachikwangwani kake mkati kapena kumbuyo. Lembani dzina la gasi, magalamu ake, voltage ndi mawati, mubwere nazo. Amene kwanu kulibe firiji, yezani madzi a mumtsuko ndi a m'ndowa ya pulasitiki masana dzuwa lili paliwombo, muone kusiyana kwake. Thermometer mudzabwereke kwa ine.